Masika Omaliza ku Tipton

Abusa Gresham Kalonjere anafika ku Tipton, ku Mangalande, ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, atatumikira kale mipingo itatu ku Ntchisi ndi ku Dowa. Anawatuma ndi a komiti ya mishoni ya mpingo wawo ku Lilongwe. Mawu amene anali m'kamwa mwa aliyense nthawi imeneyo anali akuti azungu ndiwo anatibweretsera Uthenga, lero auiwala, ndiye ndi udindo wathu kukawakumbutsa. Abusawo anawakhulupirira mawu amenewa ndi mtima wonse. Akazi awo, mayi Eness, anasiya ntchito yauphunzitsi, kugulitsa nkhuku ndi makina osokera, n'kunyamuka nawo.

Tchalitchi chimene anapatsidwa chinali cha njerwa zoda ndi utsi wakalekale, m'mbali mwa ngalande ya madzi imene makolo akumeneko ankayendetsamo mabwato a malasha. Munali mabenchi okwana anthu mazana atatu. Lamulungu loyamba munakhala anthu khumi ndi anayi, onse okalamba. Zitatha zaka zinayi anatsala asanu ndi anayi. Atatu mwambo wa maliro awo anayendetsa ndi Abusa omwewo, awiri anatengedwa ndi ana awo kupita kunyumba zosungirako okalamba.

Sikuti Abusa anangokhala manja lende. Anagogoda m'makomo msewu ndi msewu. Anthu ankatsegula pang'ono, kumwetulira, n'kutseka. Ena ankangotambasula dzanja, poganiza kuti munthu wakudayu wabweretsa katundu amene anaitanitsa. Loweruka ankaima pafupi ndi masitolo kugawa timapepala mpaka zala kuuma ndi chisanu, ndipo pobwerera ankatitola okha timapepalato pamene anthu atitaya. Kenaka anayambitsa tiyi wa Lachitatu m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi, kuti aliyense wofuna azibwera kudzamwa n'kuwotha hita.

Tiyi ameneyu ndi amene anabweretsa Thomas. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, amene kale ankawotcherera zitsulo pafakitale ina ku Oldbury. Mowa unamuchotsetsa ntchito, unamuthetsera banja, ndipo mwana wake wamkazi, Shannon, anasiya kuyankha mafoni ake. Masabata oyambirira ankangokhala pafupi ndi hita osayankhula ndi munthu. Tsiku lina anaona kuti chitseko cha kachipindako chikugwedera, mawa lake anabwera ndi zida n'kuchikonza. Atatha chitseko anakonza mpope, kenaka magetsi a paguwa. Mayi Eness anamuphunzitsa mawu akuti Abusa ndi akuti zikomo, ndipo iye anasiyiratu kuwatchula Abusawo m'Chingelezi. Patapita chaka anapempha ubatizo. Tsiku limenelo Abusa Kalonjere analira pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pamaliro a bambo awo.

Kuyambira pamenepo kalata iliyonse yopita kumudzi inkanena za Thomas. A Rapson Mbewe, wapampando wa komiti ya mishoni, ankawerenga makalatawo m'misonkhano, ndipo amayi a mvano a ku Mponela ankamupempherera Thomas pomutchula dzina ngati m'bale wawo. Za mabenchi opanda anthu Abusa sankalemba. Ankadziuza kuti silinali bodza, kunali kungosankha zoyenera kunena.

Chaka chachinayi, nyengo yozizira itatha, Abusa ndi Thomas anasosa kamalo ka zitsamba zaminga kuseri kwa tchalitchi n'kulimapo. Anabzala maungu, nyemba ndi chimanga choyera chimene mbewu yake anapatsidwa ndi mZimbabwe wina wa ku Wolverhampton. Cholinga chinali Masika. Kwawo ku Ntchisi, Lamulungu la Masika anthu ankabwera ndi matumba a chimanga pangolo, mtedza m'madengu, mbuzi zikulira pabwalo la tchalitchi, ndipo kuthokoza kwake munthu ankakuona ndi maso. Ku Tipton tsikuli limachitika mu Okutobala, ndipo okalamba aja ankabweretsa zitini za nyemba, mapaketi a makaroni ndi tiyi, zoti zikaperekedwe kumalo ogawirako chakudya anthu osowa. Mumtima mwa Abusa zitinizo zinkawachititsa manyazi. Ankafuna kuti kamodzi kokha patebulo pakhale chinthu chotuluka m'dothi la pomwepo, cholimidwa ndi manja a anthu a mpingowo.

Lachiwiri la sabata ya Masika anaitanidwa ku Oldbury, kuofesi ya akuluakulu oyang'anira matchalitchi a m'chigawocho. Anawalandira bwino, anawapatsa tiyi ndi mabisiketi. Kenaka anawauza kuti denga la tchalitchi lawola, anthu atha, ndipo agwirizana zoti chitsekedwe kumapeto kwa Disembala n'kugulitsidwa. Panalibe mpingo wina woti awatumizeko. Chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchito imeneyo, choncho ntchito ikatha nachonso chitha. Anawapempha kuti asauze akhristu kufikira makalata atatumizidwa sabata yotsatira.

"Mwagwira ntchito yotamandika," anatero mmodzi wa akuluakuluwo powaperekeza pakhomo. "Palibe amene akanachita zoposa pamenepa."

Abusa anathokoza. Anakwera basi, koma anatsika malo olakwika, ndipo mtunda wotsalawo anayenda wapansi mvula yamawawa ikuwanyowetsa.

Kunyumba anapeza mayi Eness akusita yunifomu. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba masiku anayi pasabata. Anamvetsera nkhani yonse ayironi ili m'manja, kenaka anayiimika.

"Ndiye tibwerera," anatero.

"Tibwerera, a Nachisale."

"Kusukulu kuja malo anga anaikapo kale munthu wina. Nyumba yathu ya kumudzi ija ilibe denga. Anthu tikawauza kuti chiyani?"

Mayi Eness anapinda yunifomu ija pang'onopang'ono.

"Mlendo ndi mame, abambo. Tinangoiwala ifeyo. Nanga za Lamulunguzi tiphikebe?"

"Phikani. Anthu tinawaitana kale."

Anali ataitana Amalawi ndi anzawo a ku Zambia okhala ku Whitmore Reans, dera la ku Wolverhampton, ambiri mwa iwo ogwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba. Anthu makumi awiri ndi asanu analonjeza kubwera. Mawa lake a Rapson anaimba foni kuchokera ku Lilongwe, mawu awo odzaza chimwemwe.

"Abusa, msonkhano waukulu uliko kumapeto kwa mwezi uno. Tikufuna vidiyo ya Masika anuwo. Makamaka mzungu wathu uja aime, apereke umboni. Anthu akaona yekhayo, nkhani ya kutumiza mmishonale wachiwiri yadutsa basi."

"Tiyesetsa, bambo," anatero Abusa. Tsiku lomwelo anamupempha Thomas za umboniwo, ndipo iye analonjeza.

Lachisanu masana anakumana ndi Thomas kumunda kuti akolole. Maungu anali atabereka bwino, asanu ndi awiri akuluakulu. Chimanga ndiye chinakanika. Dzuwa la kumeneko silinachikwanire, chinangotalika mapesi, ndipo atasenda anapeza zitsononkho za njere zowerengeka, zina zopanda ndi njere yomwe. Thomas sanakhumudwe. Ananena kuti vuto linali kuchedwa kubzala, chaka chamawa adzayambira m'timiphika m'nyumba, adzapeza magalasi akale n'kumanga kanyumba kotenthetsera mbewu cha pakhoma apo. Anapita kukayeza khomalo ndi mapazi. Ananenanso kuti Shannon wayankha uthenga wake koyamba m'zaka zitatu, mawu awiri okha, koma wayankha, ndipo mwina Masika a chaka chamawa adzabwera kudzaona mundawu.

Abusa anaima ndi dzungu m'manja. Akanatha kukhala chete masiku ena asanu monga anawapemphera. Koma kumuona munthuyo akuwerenga mapazi pakhoma loti ligulitsidwa kunawalaka.

"Thomas, bwerani mukhale pansi. Pali nkhani."

Anamuuza zonse. Thomas anamvetsera akuyang'ana madzi a m'ngalande.

"Ndiye inuyo mupita," anatero.

"Sikufuna kwanga."

"Ndikudziwa. Palibe amene amapita mofuna. Nanga Lachitatu ndizipita kuti?"

Abusa anayamba kutchula matchalitchi ena a ku Dudley ndi ku West Bromwich, kuti adzamuperekeza okha, adzamudziwitsa kwa abusa akumeneko. Ananenanso kuti Mulungu sakhala m'nyumba za njerwa. Akunena choncho anamva okha kuti mawuwo ndi opepuka ngati mankhusu. Thomas anagwedeza mutu movomereza chilichonse. Ananyamula maungu onse kukawaika m'tchalitchi, anatsuka zida, anatsanzika bwinobwino, n'kumapita. Loweruka sanabwere kudzakongoletsa tebulo monga anapanganirana, ndipo foni yake inali yozimitsa.

Lamulungu mayi Eness anadzuka m'mamawa. Anaphika mpunga, nkhuku, nyemba ndi nkhwani wotendera wa masamba omaliza a m'munda muja, n'kukazinga mandasi odzaza beseni. Zonsezi anazinyamula maulendo atatu kupita nazo kukachipinda ka tiyi. Patebulo la kutsogolo anayala chitenje chatsopano, pakati maungu, m'mbali zitini. Chimanga chija Abusa anachimanga m'mitolo ndi makoko ake kuti zamkati zisaoneke.

Kenaka mauthenga anayamba kulowa pafoni. Pepani Abusa, andiitana kushifiti. Pepani, mnzanga wadwala ndiye ndikukagwira m'malo mwake. Pepani, manejala wakana kundisinthira rota ya mashifiti. Abusa sanawaimbe mlandu. Ankadziwa kuti munthu amene viza yake ili m'manja mwa bwana sakana shifiti. Pa anthu makumi awiri ndi asanu aja anabwera atatu: Edna, mayi wa ku Thyolo amene anasiya ana awiri kwa amayi ake, ndi anzake awiri a ku Chipata okhala naye nyumba imodzi. Abusa anapereka foni yawo kwa Edna kuti ajambule.

"Muzijambula cha kutsogoloku," anamunong'oneza. "Kumbuyoko ayi."

Okalamba asanu ndi anayi aja anabwera onse, atavala zovala zawo zabwino. Mayi Courtney, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, anakhala pa ogani monga ankachitira kuyambira ali mtsikana. Iwowa anabatizidwa m'tchalitchimo, kukwatiwira momwemo, ndipo bokosi la amuna awo linagonekedwa pamalo pomwe tsopano panali maungu. Benchi ya Thomas, yachiwiri kumanzere, inalibe munthu.

Anaimba nyimbo ziwiri. Abusa anakwera paguwa ndi ulaliki umene analemba sabata yapitayo asanapite ku Oldbury, wakuti munthu ayenera kuthokoza m'nyengo iliyonse, ya dzinthu ndi ya njala yomwe. Anauwerenga monga unalembedwera. Mawu ankatuluka bwinobwino, koma iwo ankawamva ngati akuchokera m'kamwa mwa munthu wina. Anafika poti tiyeni tiwerenge zimene Ambuye atichitira chaka chino, ndipo chitseko cha kumbuyo chinatseguka.

Thomas analowa akuyenda mosamala kwambiri, kugwira benchi iliyonse. Anali atavala jekete ya suti imene anabatizidwa nayo, koma yodetsedwa ndi matope mbali imodzi. Fungo la mowa linafika kutsogolo iye asanafike. Sanakhale pansi. Anadutsa mpaka patebulo, n'kutembenukira anthu.

"Anandipempha kuti ndipereke umboni," anatero. "Ndabwera."

"Thomas, tiyeni tikakhale kaye kumbuyoku," anatero Abusa akutsika paguwa.

"Ayi Abusa, ndinalonjeza." Sanakweze mawu. Ankayankhula pang'onopang'ono ngati munthu wowopa kugwetsa chinthu. "Ndikuthokoza chifukwa cha tiyi. Ndikuthokoza chifukwa cha miyezi makumi awiri imene sindinamwe. Inali miyezi yabwino. Ndikuthokozanso kuti tatsala ndi masabata khumi ndi awiri asanatitsekere nyumba ino. Awauza kale Abusa, Lachiwiri. Akugulitsa. Iwowa akubwerera kwawo. Ndiye tiyeni tithokoze msangamsanga nthawi ikadalipo."

Edna anatsitsa foni. Thomas anatola mtolo umodzi wa chimanga, kusenda chitsononkho chimodzi, kuchiyang'ana, n'kuchibwezera patebulo mwaulemu. Kenaka anatuluka momwe analowera, akugwira mabenchi.

Mayi Courtney anatembenuka pampando wa ogani.

"Abusa, ndi zoona?"

"Ndi zoona, amayi. Makalata afika sabata ino. Anandipempha kuti ndisanene."

Gogoyo anayang'ana denga, kenaka mawindo, limodzi ndi limodzi.

"Ndinkafuna kudzatulukira muno," anatero. "Nyimbo zake ndinasankha kale. Zili m'kabati ya kuchipinda kwanu."

Palibe amene analira. Bambo wina wokalamba anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo sanaleke kuwapukuta mpaka mapeto. Abusa anaima pakati pa guwa ndi tebulo osadziwa kuti abwerere kumtunda kapena akhale pansi. Ulaliki unali utatsala masamba awiri. Mayi Courtney ndi amene anawapulumutsa. Anatembenukira ku ogani n'kuyamba nyimbo yotsekera, ndipo anthu anaimirira chifukwa anazolowera kuimirira. Anaimba ndime zonse zinayi. Abusa anapereka mdalitso.

Ku chakudya okalamba anayi okha ndi amene anatsalira, ndipo anangolawa mandasi pofuna kulemekeza mayi Eness. Enawo anagwira Abusa chanza pakhomo, ena mpaka kuwapepesa ngati iwo ndi amene alakwa. Pasanathe theka la ola m'kachipindamo munatsala Amalawi ndi anzawo a ku Chipata aja, ndi mapoto odzaza.

Edna anabweza foni. "Pakati paja ndinaistopa, Abusa. Koma poyambirira pa a Thomas palowa. Mudilita nokha."

Anathandiza mayi Eness kupakira chakudya m'mabokosi apulasitiki. Atatha anaima pafupi ndi khomo lolowera m'tchalitchi, akupotokola lamba wa chikwama chake.

"Abusa, matini ajawa mumakapereka kuti?"

Anamuuza.

"Nanga munthu atatengako pompano, n'kulakwa?" Anayang'ana pansi. "Kampani yathu anailanda laisensi. Masabata atatu tsopano tilibe mashifiti, tonse atatu. Tikuapulaya paliponse koma masiponsa a viza kulibe. Atipatsa masiku sikisite oti tipeze bwana wina, apo ayi tichoke m'dziko muno. Kufudibanki kuja amafuna kalata, ndiye ife timaopa kuti mwina zikafika ku maofesi a za maviza. Lero tabwera chifukwa tinamva kuti kuli chakudya, Abusa. Ndisakunamizeni."

Mayi Eness sanadikire yankho la amuna awo. Analowa m'tchalitchi ndi matumba, n'kusesa zitini zonse, makaroni, tiyi, shuga. Anaikamonso maungu atatu. Abusa anawathandiza kunyamula mpaka pamalo okwerera basi. Zaka zinayi ankafunafuna anthu otayika m'makomo a azungu, pamene ana a kwawo ankagona ndi njala mtunda wa basi imodzi, iwo n'kumawaitana kuti adzadzaze mabenchi pavidiyo. Anafuna kunena mawu olimbikitsa, koma Edna anawatsogolera.

"Zikomo, Abusa. Mulungu akudalitseni."

Basi itanyamuka sanabwerere kutchalitchi. Anatsetserekera kungalande n'kutsata kanjira ka m'mbali mwake. Ankadziwa kumene Thomas ankakhala masiku akale. Anamupeza pabenchi pansi pa mlatho wa njerwa, botolo lili pakati pa mapazi. Anakhala pambali pake. Kwa kanthawi onse anangoyang'ana abakha.

"Ndakuyalutsani," anatero Thomas.

"Mwanena zimene ine ndimayenera kunena."

"Mayi Courtney ali bwanji?"

"Anamaliza nyimbo."

Thomas anaseka pang'ono, kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Tiyeni kunyumba," anatero Abusa. "Chakudya chatsala. Mukasambe, mugone. Mawa tiyambirenso. Kugwa kamodzi sikufafaniza miyezi makumi awiri."

"Tiyambirenso mpaka Disembala?"

"Ngakhale mpaka Disembala."

"Abusa, ndikuuzeni zoona. Za Mulunguzi ndinayesa. Tsiku la ubatizo lija ndinkadikira kuti ndimve kanthu, koma ndinangomva madzi ozizira. Chimene ndinkadzera ine n'chakuti pali munthu amene ndikapanda kubwera amandiimbira foni. Basi. Ndinkaona kuti mukusangalala, ndiye sindinafune kukuuzani."

Mawu amenewa anawalasa Abusa kuposa zonse za m'tchalitchi zija. Anafunafuna yankho m'zonse zimene anaphunzira ndi kulalikira zaka makumi awiri ndi zisanu. Mayankho analipo ambiri, ndipo ena anali oona, koma panalibe limene likanamudzutsa munthuyo pabenchipo.

"Foni ndiziimbabe," anatero. "Ngakhale ndili ku Malawi."

"Ndikudziwa kuti mudzaimba. Mwezi woyamba, wachiwiri." Thomas anatola botolo. "Pitani, Abusa. Amayi akudikira. Mukawauze zikomo."

Anakhala nayebe ola lina lathunthu, mpaka kuzizira kunalowa m'mafupa. Thomas sanavomere kunyamuka.

Lolemba m'mawa Abusa anaimbira a Rapson n'kuwauza zonse: za denga, za anthu asanu ndi anayi, za Thomas, ndiponso kuti makalata awo a zaka zinayi ankanena theka la choonadi.

"Abusa, zimenezi musauze wina aliyense panopa," anatero a Rapson pamapeto pake. "Anthu anadzimana kuti inu mupite kumeneko. Tikawauza chonchi tiwafooketsa. Tumizani zithunzi za tebulo lija basi, ndi kagawo ka nyimbo. Zinazo tidzaona pofotokoza mukabwera."

Abusa anatumiza zithunzi zitatu zimene anajambula mapemphero aja asanayambe. Zinatuluka bwino: chitenje chowala, maungu akuluakulu, chimanga m'makoko ake. Anamva pambuyo pake kuti pamsonkhano paja anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

Masabata otsalawo anapitiriza kutsegula tchalitchi Lamulungu ndi Lachitatu lililonse. Thomas anabwera kawiri mu Novembala, ali bwinobwino, kudzamwa tiyi, koma sanakhalitse. Kenaka anasamuka m'chipinda chimene ankakhala osasiya mawu. Abusa anamufunafuna kungalande, kuchipatala, kumalo ogona anthu osowa pokhala, osamupeza. Anapezera Edna ndi anzake munthu wodziwa malamulo woti awalangize. Mmodzi wa a ku Chipata aja anapeza ntchito ku Coventry, winayo anabwerera kwawo. Edna anatsala akudikirabe.

Mapemphero omaliza anachitika Lamulungu lotsatira Khrisimasi. Kunabwera anthu asanu ndi awiri. Abusa anapereka makiyi ku Oldbury, ndipo pakati pa Januwale iwo ndi mayi Eness anakwera ndege. Komiti inawapatsa kampingo ka kumudzi cha ku Kasungu, ndipo inalengeza kuti gawo loyamba la mishoni latha bwino. Anthu akawapempha kuti asimbe za ku Mangalande, Abusa ankasimba za chisanu ndi mabasi osanja. Mayi Eness anayamba kuphunzitsa pasukulu ya mkaka.

Mu Malichi, chimanga chili pa ngaiyaye, Edna anatumiza uthenga wamawu. Anati mayi Courtney anamwalira mu Febuluwale, ndipo mwambo wawo unachitikira kumalo owotcherako mitembo, mphindi makumi awiri, nyimbo zake za pamakina. Anati iyeyo ntchito sanaipezebe, akugona pabalaza kwa mnzake. Chakumapeto ananena kuti anamuona Thomas pasiteshoni ya basi ku Wolverhampton, atawonda, ali ndi chikwama chogonera. Thomasyo anamuzindikira Edna, ndipo anafunsa ngati Abusa anafika bwino.

Abusa anamvetsera uthengawo ali pakhonde, njinga itatsamira khoma, chifukwa ankayembekezeka kumaliro kumudzi wina kutsidya kwa dambo. Anaimba nambala ya Thomas. Inalira kawiri, kenaka mawu a mzimayi wa pamakina ananena kuti nambalayi sikugwiranso ntchito. Anaika foni m'thumba, kumanga miyendo ya buluku, n'kukankha njinga kutuluka pachipata.